Aleluya Imene Tinajambula M'nyengo ya Lenti

Anandilanda mawu a amayi anga. Sindikuphiphiritsa. Mawuwo anali pa tepi, tepiyo ndinainyamula ndekha ndi manja awiriwa, ndipo anthu amene ndinkawagwirira ntchito anajambulapo zina. Ana inu mumandifunsa chifukwa chake sindimvera wailesi pa Pasaka, ine amene ndakalambira m'situdiyo. Ndalemba pano kuti muleke kundifunsa.

Za ubwana wanga ndilibe nazo nthawi. Ndinabadwira ku Railways mu Kabwe muno, m'nyumba ya kampani ya njanji. Atate anachokera ku Katete, ntchito yawo inali yokonza mabuleki a mabogi a sitima. Amayi, a Agnesi, ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya Chinyanja kutchalitchi kwathu. Sukulu ndinalekera Fomu Thuu. Sanandichotse. Mphunzitsi anandikwapula pa mlandu wa wina, ndinatuluka, sindinabwererenso. Atate anati ndine chitsiru, ndipo mwina ankanena zoona.

Chaka choyamba pa ntchito

Amayi ndiwo anandikokera kwa wansembe wathu, Bambo Ludoviko, mzungu wamtali amene ankalankhula Chinyanja cha m'mabuku.

"Abambo, uyu akungondithera ufa panyumba. Nzeru ali nazo, koma mutu ndi mwala. Mpatseniko zonyamula."

Abambo anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Kosimasi, kodi udziwa kukhala chete?"

"Ndikafuna," ndinayankha. Amayi anandiponda chala chaphazi mpaka misozi inalengeza. Ndinayamba m'mawa mwake.

Situdiyo inali kachipinda kuseri kwa holo ya tchalitchi, makoma ake atakhomedwa mabulangete kuti phokoso la sitima lisalowe. Linkalowabe. Ife sitinkaulutsa tokha ayi. Tinkajambula pa matepi aakulu ozungulira ngati mbale, n'kuwapatsira gadi wa sitima yopita ku Lusaka, ndipo wailesi ya kumeneko ndiyo inkaulutsa. Tinali ndi mapulogalamu atatu. Lamulungu m'mawa kunali mapemphero a theka la ola amene anthu ankangowatcha Misa ya pa wailesi, ngakhale munali mawerengo, ulaliki ndi nyimbo basi. Pakati pa sabata kunali nkhani zophunzitsa, za ukwati, za ukhondo, za ziweto. Lamulungu madzulo kunali nyimbo za Abambo, za mavayolini ndi limba, zopanda mawu, zimene anabwera nazo kuchokera kwawo. Ku Railways ankazitcha maliro a azungu. Zikangoyamba, atate ankati, "Zima, tisunge mabatire."

Bwana wanga wa tsiku ndi tsiku anali ba Mulenga, Mbemba wamfupi amene kale ankaonetsa kanema. Sankanditchula dzina, ankangoti mwaiche, ngati ndine mng'ono wawo wa kukhitchini. Tsiku lachitatu ndinawaona akutenga lezala n'kudula tepi ya mphunzitsi wa tchalitchi. Ndinakuwa.

"Mukuwononga!"

"Awe mwaiche, nichosa chifuwa chabe. Mvela."

Analumikiza zidutswa ziwirizo, n'kuyatsa makina. Munthu amene ndinamumva ndi makutu anga akutsokomola katatu tsopano ankalankhula mosalala ngati mngelo. Ndinakhala pansi. Moyo wanga wonse ndinkakhulupirira kuti wolankhula pa wailesi amakhala akulankhula nthawi yomweyo, ndipo kuti anthu a mmenemo sadwala chifuwa. Pofika kumapeto a chakacho lezala inali m'manja mwanga, ndipo ndinkadula bwino kuposa ba Mulenga. Sanavomerepo zimenezo mpaka kufa kwawo.

Chaka chachiwiri

Ichi ndi chaka chimene zinthu zinayamba kusowa m'masitolo. Anthu ankaima pa mizere ya sopo ndi mafuta ophikira, ife tinkasowa matepi. Atsopano analeka kubwera. Tinatsala ndi asanu ndi imodzi ozungulira: imodzi ili pa makina, ina ili m'sitima, ina ili ku Lusaka. Ikabwerera, tinkajambulapo zina. Lamulo linali lakuti tepi sigona. Makina ofufutira nawonso anapsa, moti tinkangojambula zatsopano pamwamba pa zakale. Kwaya ya ku Makululu inayenda wapansi ulendo wautali kudzayimba, patapita milungu iwiri tinajambula pamwamba pake nkhani ya kukumba zimbudzi. Sindinadandaule. Sanali amayi anga.

Koma m'situdiyomo munali kabati yokhoma, kiyi wake ali pa lamba wa Abambo. Mmenemo munali matepi a mavayolini odzaza mashelefu atatu. Amenewo sankakhudzidwa. Tsiku lina ndinafunsa ba Mulenga kuti bwanji osatengako awiri. Anandiyang'ana ngati ndapempha kudya Ukaristia ndi ndiwo.

"Iwe, ufuna kusila nchito? Ija kabati osaiyangana."

Lenti ya chaka chachitatu

Ku Lusaka anatumiza kalata yakuti pulogalamu ya Pasaka ifike kwatsala mlungu umodzi. Zaka zam'mbuyo Pasaka ankapatsa mpingo wina, chaka chimenecho anatipatsa ife. Abambo anasangalala ngati mwana. Anaitana kwaya Lachiwiri masana, n'kuwauza kuti tijambula nyimbo za kuuka kwa Ambuye. Azimayi onse a m'kwaya anayang'anana.

Inu ana a masiku ano mwina simukuona vuto. Kwa ife Akatolika, Aleluya sitchulidwa m'nyengo ya Lenti. Amaiika pansi tsiku la Phulusa, n'kudzaidzutsa pa Pasaka. Amayi anakulira ku mishoni, ndipo panyumba ukangoiyimba mwangozi m'masiku amenewo, chikho chinkakupeza pamutu. Tsopano wansembe yemwe ankawauza kuti aiyimbe, m'tchalitchi mmene mtanda ndi zifaniziro zonse zinali zitaphimbidwa kale ndi nsalu zofiirira.

Amayi anaimirira. "Abambo, pepani. Ambuye sanafe n'komwe, ife tiwadzutse bwanji?"

Abambo anafotokoza za sitima, za kalata, zakuti si tchimo, zakuti iwo eni ake alola. Amayi anamvetsera mwaulemu, anamanga chitenje chawo bwino, n'kutuluka. Kwaya yonse inawatsata. Palibe akanayimba iwo osayambitsa.

Madzulo Abambo anandiitana. Anati tikalephera, ku Lusaka atilanda nthawi ya Lamulungu, ndipo situdiyo yopanda pulogalamu sisunga anthu awiri. Sananene kuti wochoka ndi ndani. Sindinali chitsiru chotere.

Ndinawapeza amayi akusankha nyemba pakhonde. Sindinawanyengerere, sindidziwa kunyengerera.

"Amayi, mukakana, ntchito yanga yatha. Munandipezera ndinu, mundichotsenso ndinu."

"Ukundiopseza m'nyumba mwanga?"

"Ndikukuuzani zoona. Komanso anthu adzamva pa Pasaka penipeni. Mulungu sadziwa kuwerenga masiku?"

"Pakamwa pako padzakupweteka, iwe." Anapitiriza kusankha nyemba kwa nthawi yaitali. Kenaka anati, osandiyang'ana, "Kamodzi kokha. Ndikayamba, usandiimitse kuti ndibwereze. Ndipo ndikatha ndikalapa kwa yemweyo wandichimwitsayo."

Tinajambula Lachinayi masana, zitseko ndi mazenera titatseka. Tinadikira sitima ya katundu idutse. Ba Mulenga anakweza dzanja, ine ndinagwira maikolofoni pafupi ndi amayi. Amayi anayang'ana mtanda wophimbidwa uja, anatseka maso, n'kuyamba okha. Ndakhala ndikujambula makwaya zaka zoposa makumi atatu, koma sindinamvenso chinthu chotero. Ankayimba ngati munthu amene akuba, mwamantha koma ndi mtima wonse, misozi ikutsika. Kwaya inavomera. Ba Mulenga, amene sanali Mkatolika n'komwe, anaiwala kuyang'ana singano za makina. Nyimbo zinali zinayi, ndipo palibe imene tinabwereza. Polumikiza ndinawerenga ndi wotchi monga mwa ntchito: pulogalamu yonse inali mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mwa zimenezo khumi ndi imodzi zinali za kuyimba kwa amayi. Loweruka ndinakapereka tepi kwa gadi.

Sabata Loyera

Lamulungu la Kanjedza amayi anadandaula mutu. Lachitatu anagwa akuchapa. Lachinayi Loyera m'mawa anamwalira kuchipatala osatsegulanso pakamwa. Anali ndi mphamvu zonyamula thumba la makala okha. Sindinalire tsiku limenelo. Ndinkangoyendayenda pabwalo ngati munthu amene wamenyedwa ndi chitsulo m'mutu.

Misa ya maliro sichitika m'masiku atatu oyerawo ngakhale pa Pasaka, choncho kuika kunayenera kudikira Lolemba. Anthu anadzaza panyumba. Azakhali, mlongo wa atate, anafika kuchokera ku Katete, munthu amene wailesi ankangoimvera kutali. Lachisanu m'mawa atate anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Chinthu chija munajambula chili kuti?"

"Ku Lusaka, atate."

"Pita kwa Abambo, aimbe foni achiimitse. Mkazi wanga ali m'nyumba yachisoni, sangakhale akuyimba mumsewu. Wamva?"

"Ndamva, atate."

Ndinapita. Ndinawapeza Abambo akutuluka m'tchalitchi, ndipo anayamba okha kundifunsa. "Mwana wanga, atate ako akuti bwanji za pulogalamu? Ndingathe kuimba foni lero, aikapo zina."

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetse. Ndikanati aimitse, tepiyo ikanakhala pa shelefu ku Lusaka, ndipo kumenekonso matepi ankasowa. Akanajambulapo zawo, osabwezanso. Ikaulutsidwa, inkabwerera ndi sitima monga mwa nthawi zonse. Koma ndisakunamizeni kuti ndinaganiza mwanzeru chotero pokha. Ndinkafuna kuwamva amayi. Basi.

"Akuti iulutsidwe, Abambo."

Nditabwerera, atate anandiyang'ana. Ndinati, "Ndanena." Mabodza awiri m'mawa umodzi, pa Lachisanu Loyera.

Pa Pasaka m'mawa azibambo anali pa mipando panja, azimayi m'nyumba akulira motsitsa. Ndinazemba n'kukaima pa mpanda. Ndinali nditapempha mnzanga wa nyumba yoyandikana kuti atsegule wailesi pang'ono chabe, ndimvere ndekha. Chimene sindinaganize n'chakuti nyumba za ku Railways ndi zothinana, ndipo pa Pasaka aliyense amatsegula wailesi. Itakwana nthawi, mawu a amayi anatuluka mzere wonse wa nyumba, kutsogolo, kumbuyo, tsidya la msewu. Okha, opanda ng'oma, monga anayambira tsiku lija.

Kulira m'nyumba kunaduka ngati wina wadula ndi lezala. Bambo wina anagwetsa kapu ya tiyi. Ndiye azakhali anatuluka pakhomo chokwawa, duku litagwa, akukuwa, "Agnesi! Agnesi, uli kuti? Ndakuona ndi maso anga dzulo, uli kuti?" Anathamangira kumpanda, anabwerera, anathamangiranso kwina, chifukwa mawu ankachokera paliponse. Ana anayamba kulira. Ndipo pamene amayi anamaliza mzere wawo pa wailesi, azimayi a m'kwaya amene anali m'nyumba ya maliro anavomera. Sanapangane. Zaka zonsezo amayi akayamba iwo ankavomera, ndiye pakamwa panangotseguka pokha. Aleluya, m'nyumba ya maliro, mwini nyimbo ali m'nyumba yachisoni.

Atate anaimirira pang'onopang'ono. Anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza pa mpanda paja. Anatseka makutu ndi manja awiri, n'kutuluka pa geti kulowera kunjanji. Anabwerera dzuwa litapendeka.

Pomwe tinkaika maliro Lolemba, nkhani inali itafika kale ku Makululu ndi ku Ngungu: mayi uja anayimba Aleluya m'Lenti, n'chifukwa chake sanaione Pasaka. Azakhali anandiuza pamaso pa anthu kumanda, "Wapha mayi wako ndi makina ako." Palibe anawaletsa.

Pambuyo pa Pasaka

Atate sanandilankhule milungu itatu. Tinkadya mbale imodzi ngati anthu okumana m'sitima. Tsiku lina m'mawa ndikumanga nsapato, anaima pakhomo atavala kale ovolosi yawo.

"Chinthu chija chimabwerako?"

"Chimabwera, atate."

"Chikabwera undiuze. Tsiku lija sindinamve."

Anapita kuntchito. Ndinakhala pamenepo nsapato imodzi ili m'manja.

Tepi inafika Lolemba lotsatira. Ndinailandira ndekha kwa gadi, ndinathamanga nayo kwa Abambo. Ndinawauza kuti atate abwera Loweruka akaweruka, ndipo ndinapempha kuti tepiyo isajambulidwenso, ikhale ya banja lathu. Anati matepi ena onse ali panjira, ndipo nkhani ya sabata imeneyo iyenera kukwera sitima Lachinayi.

"Ndiye tengani imodzi m'kabatimo," ndinatero. "Muli mashelefu atatu."

Anagwira kiyi pa lamba wawo ngati ndikufuna kuwatsomphola. "Kosimasi, nyimbo zimenezo sizipezekanso m'dziko muno."

"Nanga amayi anga apezekanso kuti?"

Nkhope yawo inafiira. Kenaka anati aganizira, ndisade nkhawa. Ndinawakhulupirira. Ndinalemba pa bokosi ndi zilembo zazikulu kuti OSAKHUDZA, n'kuliika pamwamba pa kabati.

Lachitatu anandituma kukatenga mawaya kutauni. Pobwerera ndinakumana pakhomo ndi mlangizi wa zaulimi akutuluka m'situdiyo, akupukuta thukuta, wokondwa. Bokosi langa linali patebulo, lotsegula. Ba Mulenga ankakulunga waya wokulunga kale.

"Mwajambula pa chiyani?"

"Mwaiche, nenze nilibe tepi ina. Abambo anakamba ati..."

"Mwajambula pa chiyani?"

Ndinayatsa makina. Mawu a mwamuna anatuluka akufotokoza kasamalidwe ka anapiye m'nyengo yozizira. Ndinathamangitsa tepi kutsogolo: anapiye. Kutsogolo: chitopa. Munthu wamkulu, wansembe amene anaika amayi m'manda ndi manja ake, anandichotsa dala pamalo kuti achite zimenezi. Ndinamenya kabati ija ndi chibakera mpaka khungu linasupuka, koma inali ya mukwa, sinamve kanthu.

Ndiye ba Mulenga anati motsitsa, "Pita ku last. Uja mudala anasiliza musanga."

Mlangiziyo anamaliza nkhani yake tepi isanathe. Atangoti zikomo pomvetsera, panamveka kaphokoso, kenaka amayi, pakati pa mzere wa nyimbo yomaliza. Kwaya inavomera, iwo anayambanso, n'kukwera pamwamba, tepi n'kutha. Ndinawerenga ndi wotchi. Mphindi imodzi. Ndinatenga lezala, ndinadula kachidutswako, ndinakakulunga pa kagudumu kopanda kanthu n'kuika m'thumba. Ba Mulenga anayang'ana kukhoma.

Loweruka atate anabwera atavala suti yawo ya ukwati, nsapato zopolisha. Sindinawauze kanthu panjira. Anakhala pa mpando wa alendo, chipewa pa maondo. Ndinayatsa. Anaweramira kutsogolo, pakamwa pakuyenda pang'ono. Asanakhazikike n'komwe, kunsonga kwa tepi kunayamba kumenya makina, phwa, phwa, phwa.

"Pitiriza," anatero.

"Yathera pomwepo, atate."

"Tsiku lija anayimba nthawi yaitali. Ndinafika kunjanji akuyimbabe."

Ndinawauza zonse. Anamvetsera osaphethira. Anafunsa kuti pamwamba pake ajambulapo chiyani, ndipo nditawauza anabwereza okha mawuwo, "Anapiye." Anandiuza kuti ndibwezere. Ndinabwezera kasanu ndi kawiri. Kenaka anavala chipewa, n'kunena kuti, "Tiye kunyumba, mwana wanga." Anali asananditchulepo choncho chisiyireni sukulu.

Zaka zotsatira

Mudzafunsa chifukwa chake sindinasiye ntchito. Munthu wa Fomu Thuu wodziwa lezala yokha akanapita kuti? Ndinakhala. Ba Mulenga atapuma ndinatenga malo awo. Ndinaona makaseti akubwera, kenaka makompyuta, kenaka tinayamba kuulutsa tokha. Pa nthawi yanga palibe kwaya imene inafufutidwa. Ndinkakangana ndi aliyense, ankanditcha wovuta, ndipo ndinalidi wovuta.

Bambo Ludoviko anabwerera kwawo atakalamba. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti ndinali wantchito wokhulupirika. Ndinadikira mawu ena. Sanabwere. Kiyi anasiyira wansembe watsopano, amene sankadziwa n'komwe kuti ndi wa chiyani. Pamene situdiyo inkasamukira ku nyumba yatsopano tinatsegula kabati ija. Denga linkadontha kumbuyo kwake zaka zambiri popanda wodziwa. Matepi onse anali atamera nkhungu, atamatirirana ngati chikonyo chowola. Anyamata anawanyamula pa wilibala maulendo awiri kukataya kudzala. Ndinaima n'kumaonerera. Ena mwa matepiwo anali asanatsegulidwepo chibwerereni kuchokera kwawo, pepala la kusitolo lidakali pomwepo.

Kachidutswa kaja kali kuno ku Ngungu, m'chitini cha mabisiketi pansi pa zovala zanga za tchalitchi. Makina okayimbira kulibenso m'tauni muno, ndafunsa. Musakataye ndikadzapita. Ndipo wina akadzakuuzani kuti atate anu anapuma bwino, anawapatsa wotchi ya pakhoma ndi kalata yothokoza, mudzamuuze kuti nkhani sinathe. Agogo anu anayimba mphindi khumi ndi imodzi. Ndinalandira imodzi. Zatsala khumi.